Kanema wa ku Mexico aunikira mavuto a ophika mowa ang'onoang'ono

Kanema wa Dos Estaciones, yemwe anatuluka m'chaka cha 2022, akufotokoza nkhani imene amayi otcheza kachasu m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota angaizindikire msanga.

Kanemayu, yemwe anakonza ndi Juan Pablo González, akunena za María García, mayi wa fakitale yaing'ono ya mowa wa tequila m'chigawo cha Jalisco m'dziko la Mexico. Mowawu amautcheza kuchokera ku chomera cha agave, chofanana ndi khonje. Makampani akunja atalanda msika, matenda agwira mbewuyo, madzi osefukira aononga fakitale, ndipo mayiyu akulephera kulipira antchito ake. Teresa Sánchez, yemwe anasewera ngati María, analandira mphoto yapadera ku chikondwerero cha makanema cha Sundance chaka chomwecho.

Phindu la kanemayu ndi lakuti sakutamanda mowa kapena kunyoza wouphika. Akungoonetsa mwini bizinesi yemwe ali ndi ngongole, antchito omudalira komanso luso la makolo limene likutha.

Kuno ku Nkhotakota kusiyana kwa wamkulu ndi wamng'ono kumaoneka poyera. Ku Dwangwa kuli fakitale ya shuga ya Illovo komanso kampani ya Ethco, yomwe inayamba kupanga ethanol m'chaka cha 1982. Kumidzi yoyandikana nako, mayi amagula shuga pa mtengo wa m'golosale, n'kusakaniza ndi madeya ndi madzi, kudikira masiku angapo kuti zipse, kenako n'kutcheza pa moto wa nkhuni. Shuga akakwera mtengo, phindu limatha, koma fizi ya ana sidikira.

Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 ndipo linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa mu 2017. Zifukwa zake ndi zomveka, pakuti mowa waukali umaononga chiwindi ndi mabanja, ndipo mphamvu ya kachasu siyezedwa. Komabe mkulu wa kukhonsolo kapena wa zaumoyo akangoletsa popanda kupereka njira ina yopezera ndalama, kutcheza sikutha, kumangobisika.

Apa ndi pamene makanema angathandize. Shemu Joyah anaonetsa kale mu The Last Fishing Boat (2012) momwe kuchepa kwa nsomba kumasautsira banja la msodzi ku Mangochi. Nkhani ya mayi wotcheza kachasu ikafotokozedwa mwa njira yomweyo, okonza malamulo adzaona munthu amene lamulolo lidzam'khudze asanalisainire.