Bawo: Masewero Okomera Ana ndi Akulu Omwe ku Nkhotakota

Pa masewero onse amene anthu a m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota amasewera atakhala pansi, bawo ndiyo yotchuka kwambiri, ndipo imapezeka pamadooko a asodzi, m'misika ndi pamithunzi ya mango, makamaka m'miyezi ya mwera pamene mafunde amaletsa mabwato kulowa pamadzi. Bawo ili m'gulu la masewero amene akatswiri amawatcha mancala, ndiwo masewero ofesa njere kapena timiyala m'maenje motsatizana, ndipo m'gulu lomweli muli nsolo ya ku Zambia, tsoro ya ku Zimbabwe, omweso ya ku Uganda ndi oware ya ku Ghana. Masewerowa amasiyana ndi njuga chifukwa sadalira mwayi, popeza chilichonse chili poyera pamaso pa osewera awiriwo, kotero kuti wopambana ndi amene wawerenga bwino ndi kuoneratu patali.

Mbiri ya bawo imagwirizana ndi mbiri ya malonda a pakati pa nyanja ya Malawi ndi gombe la kummawa kwa Africa. M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota, ndipo malowa anasanduka dooko lalikulu lowolotsera minyanga ya njovu ndi akapolo opita ku Kilwa, mpaka ulamuliro wa a Jumbe utatha m'zaka za m'ma 1890. Njira imeneyi, imene amalonda a Chiswahili ndi a Chiyao ankayendamo, inabweretsa Chisilamu ndi zizolowezi zambiri za kugombe, ndipo kufanana kwa malamulo a bawo ya kuno ndi a ku Zanzibar, pamodzi ndi mawu a osewera monga mtaji ndi kutakata, kumachitira umboni ubale umenewu. Pofika chaka cha 1913, Meredith Sanderson, dokotala amene ankagwira ntchito mu Nyasaland, anali atalemba kale za masewero a maenje a m'dziko muno.

Thabwa la bawo lili ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, kutanthauza maenje 32, ndipo limaseweredwa ndi nkhomo 64, ndizo njere zolimba kapena timiyala tofesa m'maenjemo. Wosewera aliyense amakhala ndi mizere iwiri ya kumbali kwake, wakutsogolo ndi wakumbuyo, ndipo amafesa mozungulira mizere yake yokhayo. Pa bawo yosavuta, imene ana amayambira, dzenje lililonse limalandira nkhomo ziwiri masewero asanayambe. Wosewera amatola nkhomo zonse za dzenje limodzi n'kumaponya imodziimodzi m'maenje otsatira, ndipo zimene zichitike zimadalira pamene yagwera nkhomo yomaliza. Ikagwera m'dzenje lopanda kanthu, wosewerayo wagona, ndiko kuti nthawi yake yatha. Ikagwera m'dzenje la nkhomo, amatola zonse za m'menemo n'kupitiriza kufesa. Koma ngati dzenjelo lili pamzere wakutsogolo moyang'anizana ndi dzenje la mnzake lokhalanso ndi nkhomo, amadya nkhomo za mnzakeyo n'kuzifesa kumbali kwake kuyambira kumapeto kwa mzere. Kufesa kopanda kudya ndiko kumatchedwa kutakata. Wagonja ndi amene mzere wake wakutsogolo watha nkhomo, kapena amene watsala ndi nkhomo imodziimodzi m'maenje moti sangathenso kusuntha.

Bawo ya akuluakulu imaseweredwa pathabwa lomwelo ndi nkhomo zomwezo, koma imawonjezera zinthu ziwiri zimene zimaikulitsa nzeru. Choyamba n'chakuti nkhomo zochepa zokha ndizo zimayikidwa pathabwa poyamba, pamene zotsalazo zimasungidwa m'manja ndi kulowetsedwa imodziimodzi nthawi iliyonse imene munthu akusewera. Ku Zanzibar, mwachitsanzo, aliyense amayamba ndi nkhomo 10 pathabwa ndi 22 m'manja. Za m'manja zikatha, masewero amalowa gawo lachiwiri, lotchedwa mtaji, mmene munthu amafesa zimene zili kale m'maenje. Chachiwiri ndi nyumba, dzenje la ngodya zinayi la pamzere wakutsogolo, mmene wosewera amatha kuunjika nkhomo ndi kuzisunga kufikira nthawi yabwino yozimwaza. Chifukwa chakuti nkhomo zodyedwa sizichoka pathabwa koma zimalowa kumbali ya wodyayo, kusuntha kumodzi kungathe kusintha maenje ambiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake Alex de Voogt, amene anafalitsa kafukufuku wake wa akatswiri a bawo a ku Zanzibar m'chaka cha 1995, anaika mtima pa kukumbukira ndi kuwerengera kumene masewerowa amafuna.

Ubwino wa bawo pabanja uli pa mitundu iwiri imeneyi, yosavuta ndi ya akuluakulu, pakuti mwana amene wadziwa kuwerenga mpaka khumi angathe kukhala moyang'anizana ndi agogo ake pa bawo yosavuta, n'kumakwera pang'onopang'ono kufikira malamulo a akuluakulu popanda kusintha thabwa. Mwanayo amaphunzira kuwonkhetsa, kudikira nthawi yake, kulingalira zimene mnzake achite ndiponso kuvomereza kugonja mwaulemu. Mtengo wake nawonso suletsa aliyense, chifukwa kumene kulibe thabwa losema, maenje amakumbidwa pamchenga kapena padothi ndipo timiyala timakwanira. Chovuta n'chakuti m'madera ambiri bawo imaonedwa ngati masewero a abambo okha osewerera pamsika, chikhalirecho m'malamulo ake mulibe choletsa amayi kapena atsikana. Makolo ndi aphunzitsi a m'boma la Nkhotakota angachite bwino kuilowetsa bawo pakhonde la nyumba ndi pabwalo la sukulu, kuti ana onse, aamuna ndi aakazi omwe, aiphunzire akadali aang'ono.