KODI ALEMBI AFUNIRANJI MAINA ATHU NYUMBA ZIKAGWA?

Mvula yoyamba ya m'November ndi December kawirikawiri imadza ndi mphepo yamkuntho ndi matalala. Anthu a kwa Chitukula, kwa Kabudula, ku Nsaru, ku Nambuma, ku Mpingu ndi ku Namitete adziwa bwino zimenezi, pakuti dziko la kuno nlacidikha, ndipo mitengo yambiri imene inkachinga mphepo inatha ndi nkhwangwa. Usiku umodzi wokha malata asasuka, cipupa ca zidina cigwa, ndipo banja limene linagona m'nyumba yaoyao lidzuka liribe pogona. Patapita tsiku limodzi kapena awiri afika anthu ndi mapepala nayamba kufunsa maina, zaka za ana ndi nambala ya citupa. Apa ndipo pamabuka madandaulo. Ena ati alembiwo angotaya nthawi pamene anthu ali kugona panja. Ena, makamaka akuruakuru amene akumbukira masiku a msonkho, pamene kulembedwa dzina kunali kuitana mesenjala pakhomo, safuna nkomwe kuyankha. Mwezi uno tifuna kulongosola cifukwa cace Boma limayamba ndi colembera lisanabwere ndi bulangete, ndiponso kumene mainawo amapita.

Tiyeni tiyambe ndi ngozi yaikuru imene tonse tiikumbukira. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anasakaza maboma a kumwera. Anthu oposa 650,000 anasowa pokhala, ndipo ambiri a iwo anathawira m'masukulu ndi m'machalichi. Cithandizo cinacokera mbali zambiri: ku Boma, ku Malawi Red Cross, ku mipingo, ku mabungwe a maiko akunja ndi kwa anthu wamba akufuna kwabwino. Tsono taganizani ngati bungwe liri lonse likadalemba maina paloka, osauza linzace. Msasa wa m'mbali mwa mseu ukadalandira ufa katatu, pamene msasa wa kuseri kwa phiri, kumene galimoto silifika, sukadaona kanthu. Palibe amene akadaba, koma anthu akadagona ndi njala. Ici ndico cifukwa coyamba ca kulemba maina: kuti onse othandiza aziwerenga m'buku limodzi.

Kuno kwathu ngozi zimacepa koma mcitidwe wace ndi womwewo. Pamene mtsinje wa Lingadzi unasefukira ku Mtandire mu February 2017, kapena pamene mphepo isasula nyumba khumi m'mudzi umodzi, funso loyamba la ofuna kuthandiza nlakuti: ndi mabanja angati, ali kuti, ndipo asowa ciani?

NJIRA IMENE DZINA LIYENDA

Dzina liyambira m'mudzi. Anyakwawa pamodzi ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi ndiwo oyamba kuyendera nyumba zimene zagwa ndi kulemba. Makomiti amenewa anayamba pansi pa lamulo la 1991, ndipo lamulo latsopano la 2023 linawasunga. Kucokera m'mudzi lipoti lipita ku komiti ya dera la Mfumu Yaikuru, ndipo kucokera kumeneko lipita ku ofesi ya Bwanamkubwa wa boma la Lilongwe. A ku ofesiko amatumiza anthu ao kudzaona ndi maso ngati zolembedwazo nzoona. Akatsimikiza, lipoti lipita ku nthambi ya Boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene anthu aidziwa ndi dzina lakuti DoDMA, ndipo ndiyo imatulutsa cimanga, nyemba, mabulangete, ndowa ndi mapepala a pulasitiki ofolerera nyumba, kapena kupempha mabungwe ena kuti athandize.

Njirayi njaitali, sitikana. Koma kawirikawiri imatalika cifukwa ca lipoti loyamba lolembedwa mwaulesi. Kalata yongonena kuti nyumba zambiri zagwa kwa auje siithandiza munthu wa ku ofesi, pakuti sangakweze matumba "ambiri" pa lole. Ayenera kubweza kalatayo kapena kudikira galimoto lomutengera kumudziko, ndipo mlungu upita. Kalata yonena kuti nyumba zagwa mwakuti tsiku lakuti, zinai zagweratu, zisanu ndi imodzi zasasuka denga lokha, muli anthu akuti, ana osakwana zaka zisanu akuti, mai woyembekezera mmodzi ndi gogo wosayenda mmodzi, imeneyo ndiyo iyenda msanga.

Apa muona cifukwa cace afunsa zaka. Banja la anthu awiri amphamvu limene lataya malata okha likhoza kukonza denga mawa lomwe. Gogo amene alera adzukulu anai ndipo nyumba yace yagweratu sangaumbe zidina pakati pa dzinja. Cithandizo cikacepa, monga mmene cimacepera nthawi zambiri, oyamba ayenera kukhala gogoyo. Popanda kulemba, oyamba amakhala amene ali ndi mau okweza ndi miyendo yothamanga.

KAUNDULA MMODZI WA MABANJA

Pali buku linanso limene lilembedwa nyengo ya mtendere, ngozi isanagwe. Kale nchito iri yonse yothandiza osauka inali ndi mndandanda waceace. Mtukula Pakhomo, amene anayamba ku Mchinji m'caka ca 2006, anali ndi wace. Nchito zokonza miseu ndi kudzala mitengo zinali ndi wace. A cimanga ca njala analinso ndi wace. Anthu ankaitanidwa kubwalo kulembedwa kangapo, ndipo khomo lina linkapezeka m'mabuku onse pamene lina silinali m'buku liri lonse. Cotero Boma linakonza kaundula mmodzi wa mabanja, wochedwa UBR. Anayamba kumuyesa ku Dedza ndi ku Nkhata Bay, ndipo Lilongwe linali limodzi la maboma khumi amene anatsatirapo. Poyamba ankalemba theka lokha la mabanja, amene anaoneka osauka koposa. Pambuyo pace kunaoneka kuti nkwabwino kulemba mabanja onse, ndipo nzomveka, pakuti mphepo siyang'ana kuti mwini nyumbayi ngwolemera kapena ngwosauka, ndipo amene anali ndi ngolo caka catha akhoza kukhala wopempha caka cino.

Alembi a kaundula ameneyu sayenda ndi mapepala koma ndi kamakina konga foni yaikuru. Afunsa za anthu a pakhomo, za denga ndi makoma a nyumba, za munda, ziweto, matenda a mgonagona ndi kulumala, ndipo kamakinako kamasunganso malo eni eni pamene nyumbayo iri. Zonsezi zipita mu kompyuta ya Boma. Kulembedwa m'kaundulayu si lonjezo lakuti mudzalandira kanthu, ndipo mlembi amene alonjeza zotero alakwa. Phindu lace nlakuti tsiku la tsoka, a ku ofesi adziwa kale kuti m'mudzi wakuti muli makomo angati ndi anthu otani, motero sayambira pacabe.

Cimene cimanga mabuku onsewa pamodzi ndi citupa ca unzika. M'caka ca 2017 anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 ndi kupitirira analembetsa zitupazi. M'mudzi umodzi mukhoza kukhala a Phiri asanu ndi a Nabanda atatu, koma nambala ya citupa njamunthu mmodzi yekha. Cifukwa cace musamasinthe maina: lero dzina la ubatizo, mawa la kwa mwamuna, mkuja la mfunda. Nenani dzina limene liri pa citupa. Ndipo citupaco cisungeni m'kapepala ka pulasitiki pamalo pamene mungacitole ngakhale mumdima, osati kucisomeka kudenga kumene mphepo iyambira.

AMENE AMAIWALIKA

Tsopano tifike pa bvuto limene liposa onse. Ife Acewa sitilola munthu kugona panja. Nyumba ikagwa, mai ndi ana ace alowa kwa mcemwali wace, anyamata akadzipanikiza kumphala, gogo agonekedwa m'khichini ya mdzukulu. Mwambo umenewu ngwabwino ndipo usathe. Koma ubisa anthu. Alembi akafika pasukulu awerenga amene ali m'kalasi, nacoka. Amene anasungidwa ndi abale salembedwa, popeza saoneka ngati osowa pokhala. Pakutha pa mwezi nkhokwe ya wosungayo yatha, ndipo mabanja obvutika akhala awiri m'malo mwa limodzi. Munthu amene agona m'khichini ya mnzace cifukwa yace yagwa alibe nyumba, ndipo ayenera kulembedwa monga wa kumsasa.

Palinso ena amene si mphepo inawacotsa m'nyumba. Pali mai amene anatengedwa citengwa ndipo mwamuna atamwalira abale a malemuyo amuuza kuti abwerere kwao, kumene anacoka zaka makumi awiri zapitazo. Pali mkamwini wokalamba amene ukwati watha. Pali matenanti a m'minda ya fodya amene nchito ikatha atulutsidwa m'zisakasa, ndipo nyakwawa wa pamalopo sawawerenga ngati anthu ace. Pali amene nyumba yao yapsa ndi moto, ndi odwala misala amene agona m'makonde a sitolo pamisika yathu. Anthu otere sakhala m'gulu kuti aonekere patali, amabwera mmodzimmodzi. Iwowa nkhani yao ipite kwa anyakwawa ndi kwa a ofesi yoona za umoyo wa anthu, ndipo ilembedwe. Mlendo amene ngozi yamupeza m'mudzi mwanu alembedwe m'mudzi mwanu momwemo, ndi kuonetsa kumene anacokera.

Akuru ena adzakumbukira zimene makolo ankasimba za njala ya 1949, kuti akazi amene amuna ao anali ku Halale kapena ku Joni anabvutika kulandira cakudya, cifukwa ogawa ankayesa kuti mkazi wokwatiwa ali ndi womudyetsa. Colakwa cimeneco cinali ca m'kalembedwe. Lero lembani amene alidi pakhomo ndi amene adyetsa anawo, kaya ndi mai, kaya ndi mwana wamkuru.

Mbali inayo ndi maina oonjeza. Tidziwa kuti alipo amene agawa banja limodzi kukhala makomo atatu, kapena kulemba munthu amene anamwalira kale, kapena mbale wokhala m'tauni. Amene acita izi ayesa kuti anamiza Boma, koma matumba amabwera owerengeka, ndipo dzina labodza liri lonse licotsa dzina loona. Ndiponso a ku ofesi akapeza bodza pamudzi umodzi, amakayika malipoti a dera lonse nayamba kuwerenganso, ndipo onse acedwa. Mankhwala ace ngakale: maina aziwerengedwa mokweza pabwalo anthu onse ali pomwepo, akazi ndi amuna, kuti amene wasiyidwa adzinenere ndipo wolowetsedwa mwacinyengo adziwike. Kulembedwa nkwaulere. Wina akafuna nkhuku kapena ndalama kuti akulembeni, kapena akanena kuti mudzagawane naye cimene mulandire, kanene ku komiti ya madandaulo kapena ku ofesi ya Bwanamkubwa.

Sikuno kokha kumene anthu afika pa nzeru imeneyi. Ku Canada, dziko lolemera koma lozizira kwambiri, kuli anthu ogona m'miseu ya m'mizinda. Kuyambira 2019 Boma lao linalamula mizinda imene ilandira ndalama zothandizira anthuwa kuti ikhale ndi njira imodzi yolembera, kuti munthu asafotokoze mabvuto ace pa maofesi asanu, ndiponso kuti nyumba ikapezeka ipite kwa wobvutika koposa, osati kwa amene anafika m'mamawa.

Koma zimene munthu auza mlembi nzace. Pabwalo pawerengedwe maina okha. Za matenda a munthu, za ngongole zace ndi za m'banja mwace zisachulidwe. M'caka ca 2024 linayamba kugwira nchito lamulo loteteza mbiri ya munthu, ndipo bungwe la MACRA ndilo liyang'anira. Mwa lamuloli muli ndi ufulu wofunsa mlembi kuti wacokera kuti, alemberanji, ndipo zolembazo zipita kwa yani. Mulinso ndi ufulu wopempha kuti zolakwika zikonzedwe. Musapereke citupa canu kwa munthu kuti akasunge kwace, ndipo nambala yacinsinsi ya ndalama za pafoni musauze wina ali yense, ngakhale anene kuti ngwa Boma.

Kwa inu aphunzitsi tiri ndi pempho. Ngozi ikagwa anthu amathamangira kusukulu, ndipo inu ndinu ozolowera kuitana maina m'mawa uli wonse. Tengani kope latsopano usiku woyamba womwewo. Banja liri lonse likhale ndi mzere wace: dzina la pa citupa, mudzi, ciwerengero ca amuna, akazi ndi ana, tsiku lofika. Kumapeto siyani malo olembapo cimene alandira ndi tsiku limene acoka, pakuti buku losafafaniza ocoka limanama ngati buku losalemba ofika. Masamba a kumbuyo asungireni aja ogona kwa abale; ana a sukulu awadziwa onse, ndipo mukawafunsa m'kalasi adzakuuzani khomo ndi khomo. Bungwe liri lonse lobwera ndi katundu lionetseni kopelo lisanatsitse kanthu, ndipo lisaine pa tsamba la tsikulo. Anthu akabwerera m'makwao, kopelo liperekeni kwa wapampando wa komiti ya m'mudzi.