NYENGO YA CISANU

Caka ca m'dziko la Zambia ciri ndi nyengo zitatu zazikulu. Yoyamba ndiyo dzinja, pamene mvula igwa ndipo anthu atanganidwa ndi makasu. Yaciwiri ndiyo cisanu, cimene ciyamba m'mwezi wa Mei ndi kutha m'mwezi wa Ogasiti. Yacitatu ndiyo mwamvu, pamene dzuwa litentha kufikira mvula itabweranso. Ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi miyezi yozizira kopambana ndiyo Juni ndi Julai. M'miyezi imeneyi nkhungu ikuta mapiri a Mphangwe m'mamawa, mame acita waa pa udzu, ndipo ana opita ku sukulu ayenda atabisa manja m'khwapa.

Kumene cisanu cicokera

Dziko lapansi lizungulira dzuwa kamodzi pa caka, koma siliyenda ciriri ai, liyenda copendekeka. Cifukwa ca kupendekekako, m'mwezi wa Juni maiko a kumpoto ndiwo aloza ku dzuwa, ndipo maiko a kumwera, monga Zambia, Malawi ndi Mozambique, alandira dzuwa lodzera m'mbali, lopanda mphamvu. Tsono pamene ana a ku Katete anjenjemera, ana a ku London ali m'nyengo yao yofunda. Tsiku lalifupi koposa m'caka lifika pa 21 Juni kapena pafupi pomwepo. Ku Katete dzuwa liwala maora 11 ndi pang'ono tsiku limenelo, pomwe m'Disembala liwala pafupifupi maora 13.

Cifukwa cina ndi kukwera kwa dziko. Katete ali pamwamba, mamita oposa 1,000 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo munthu akakwera mamita 1,000 mpweya uzizira ndi madigiri monga 6. Ici ndico cifukwa cace anthu a ku cigwa ca Luangwa samva cisanu cambiri monga anzao a kumtunda.

Usiku wopanda mitambo ndiwo uzizira koposa. Masana nthaka ilandira kutentha kwa dzuwa, ndipo usiku ikubweza kumwamba. Mitambo ikakhalapo ichinga kutenthako monga bulangete, koma kukayera mbee, nyenyezi ziri ngwee, kutentha konse kuthawa. Mpweya wozizira ndi wolemera, motero utsikira ku madambo monga acitira madzi. Alimi a madimba adziwa bwino zimenezi, pakuti nthawi zina apeza masamba a matimati atapserera m'mawa, osaona moto. Makolo akale sanali kumanga midzi m'dambo, koma pa mtunda.

M'mene thupi lisungira kutentha

Thupi la munthu wamoyo litentha madigiri 37, kaya kunja kuli dzuwa kaya kuli mphepo. Kutenthako kucokera ku cakudya, cimene thupi ligwiritsa nchito monga moto ugwiritsira nkhuni. Munthu akazizidwa anjenjemera, ndipo kunjenjemerako ndi njira ya thupi yopangira kutentha kwina mwa kugwedeza minofu. Mwana wopita ku sukulu m'mimba muli pululu amva cisanu kuposa mnzace amene wamwa phala. Mwai wace ndi wakuti cisanu cifika nkhokwe ziri zodzala. Kuli mbatata, maungu, cinangwa, nzimbe ndi nshawa. Phala lotendera ndi nsinjiro za nshawa, kapena mbatata yootcha ya dzulo, zikwanira kumfunditsa mwana mpaka dzuwa litakwera.

Covala sicipanga kutentha. Cingosunga kumene thupi lapanga kale. Cisunga mwa kugwira mpweya pakati pa nsalu ndi khungu, pakuti kutentha sikupyola msanga mu mpweya wosayenda. Nkhuku idziwa cinsinsi cimeneci: ikazizidwa itukumula nthenga zace kuti mpweya ulowe pakati. Momwemonso malaya awiri opyapyala, ovala mophatikiza, kawirikawiri afunditsa kuposa amodzi ocindikala. Denga la udzu nalonso lisunga kutentha kuposa la malata, cifukwa udzu uli ndi mpweya wambiri m'kati mwace. Wogona pa mphasa acita bwino kuyala masaka kapena udzu wouma pansi pa mphasayo, popeza nthaka yozizira ikoka kutentha kwa thupi usiku wonse. Ming'alu ya m'zipupa iyenera kumatidwa Mei asanathe.

Khanda ndi nkhalamba ndiwo agwidwa msanga ndi cisanu. Khanda lifunika cipewa ndi masokosi, ndipo lobadwa masiku osakwana lifunda bwino likakhala pa cifuwa ca amai ace, khungu kukhudza khungu, nsalu itafundidwa pamwamba. Khungu la ana okulirapo lituwa ndi kung'aluka ndi mphepo youma. Mankhwala ace ndi kusamba ndi madzi ofunda masana ndi kudzola mafuta. Kale makolo anali kuyenga mafuta a nsatsi cifukwa ca nchito yomweyi.

Moto, bwenzi loopsa

Palibe cinthu cokoma m'Julai coposa moto, koma palibenso nyengo yina imene moto upweteka anthu ambiri. Ana ang'ono agwera pa moto kapena adzigwetsera phala lotentha. Ena agona pafupi ndi zikuni, bulangete ligwira moto iwo ali m'tulo. Munthu wa matenda a khunyu sayenera kuotha yekha, cifukwa akagwa sangathe kudzicotsa. Wina akapsa, pa bala pathiridwe madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, kenaka pafundidwe nsalu yoyera. Phulusa, mazira, ndowe ndi mafuta ophikira siziyenera kupakidwa pa bala, pakuti ziliipitsa. Bala lalikulu, kapena la kumaso, lipite nalo msanga ku cipatala.

Mdani woopsa koposa saoneka ndi maso. Makala oyaka m'mbaula atulutsa mpweya wa poizoni wochedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. M'nyumba yotseka zitseko ndi mazenera mpweyawu ucuruka, ulowa m'magazi, ndi kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu ayamba kumva mutu, cizungulire ndi mseru, kenaka afooka. Ndipo wogona sadzuka konse. Banja lathunthu likhoza kutha usiku umodzi. Lamulo lace ndi lalifupi: mbaula ituluke panja anthu asanagone. Wopezeka atakomoka m'nyumba yotere anyamulidwe kupita naye panja pa mphepo, ndi kuthamangira naye ku cipatala.

Cimfine ndi cibayo

Anthu ambiri aganiza kuti mphepo ndiyo ibala cimfine. Koma cimfine cidza ndi tizilombo tating'onoting'ono tochedwa mavairasi, timene tiuluka m'malovu munthu akatsokomola kapena kuyetsemula. Tifalikira msanga m'cisanu cifukwa anthu athithikana m'nyumba zotseka. Kutseka pakamwa ndi mkono potsokomola, kusamba m'manja ndi sopo, ndi kutsegula mazenera a sukulu masana, zicepetsa matendawa.

Cimfine citha cokha patapita masiku owerengeka, koma cibayo cipha. Mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, thupi liri moto, ndi kukana kuyamwa kapena kudya, ameneyo asagonetsedwe pa nyumba kuyembekeza mawa. Apite naye ku kiliniki ya pafupi, kapena ku cipatala cacikuru ca St Francis ku Katete, cimene cathandiza anthu a dera lino kuyambira caka ca 1948. Cibayo cicira ndi mankhwala cikapezeka msanga.

Kufunditsa mtima

Munthu safuna kufunda thupi lokha. Usiku wa cisanu ndi wautali, ndipo wokhala yekha m'mdima agwidwa ndi maganizo. Acewa anapeza mankhwala a vuto limeneli kalekale. Nchito ya m'munda ikatha, banja lisonkhana pa moto nsima itadyedwa. Agogo ayamba, "Padangokhala," ndipo adzukulu ayankha, "Tiri tonse." Pamenepo Kalulu apusitsa Fisi, ndipo ana aiwala kuti kunja kuli mphepo. Nthano zikatha ziyamba ndagi. Wina ati, "Nyumba ya amai yopanda khomo," ndipo wocenjera ayankha kuti ndi dzira. Manja sakhala cabe. Akutong'ola cimanga kapena kusenda nshawa, ndipo nchito imene ikadatopetsa munthu mmodzi itha anthu akuseka.

Masana anyamata atenga makasu ndi kupita ku minda yokolola kukakumba mbewa, ndiwo yokondedwa kum'mawa konse. Osamala sayatsa chire mwacisawawa, pakuti moto wolekerera utentha udzu wofolerera nyumba ndi msipu wa ng'ombe. Amuna aseweretsa nsolo pa dzuwa, atsikana acita phada ndi kulumpha cingwe, ndipo mwezi ukawala amai abvina cimtali pa bwalo. Wobvina samva cisanu, cifukwa minofu yogwira nchito ipanga kutentha kwambiri. Iyinso ndiyo nyengo ya Gule Wamkulu, amene m'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linamlemba pakati pa cuma ca anthu a dziko lonse lapansi.

Mphepo ikayamba kufunda, midzi yonse iyang'ana ku Mkaika, likuru la Kalonga Gawa Undi, pafupi ndi Katete. Kumeneko, Loweruka lomariza la Ogasiti, kucitika mwambo wa Kulamba, umene unaukitsidwa m'caka ca 1984 utakhala zaka zambiri osacitika. Mafumu a Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique afika ndi mphatso, nafotokoza kwa Kalonga za moyo wa anthu ao. Magulu a gule akonzekera tsikulo milungu yambiri, ndipo kukonzekerako kufupikitsa usiku wa Julai.

Koma m'mudzi uli wonse muli ena amene safika pa bwalo: nkhalamba yosatha kutola nkhuni, wodwala, kapena mwana wamasiye wa malaya amodzi. Kwa otere cisanu si nkhani yoseketsa. Ana a sukulu akhoza kucita zambiri popanda ndalama. Akhoza kutula mtolo wa nkhuni pa khomo la agogo, kuwatungira madzi, kuyanika bulangete lao pa dzuwa, ndi kukhala nao madzulo kufunsa za kale. Juzi lothina lipatsidwe kwa mng'ono wa pa nyumba yina. Akuru anati, "Kupatsa nkuika." Mwana wosenzera nkhalamba nkhuni caka cino adzakalamba nayenso, ndipo Julai adzabwerabe.

Mafunso

1. Cifukwa ninji usiku wopanda mitambo uzizira kuposa wa mitambo?
2. Kodi nkhuku iphunzitsa ciani za kabvalidwe ka m'cisanu?
3. Fotokozani kuopsa kwa kugona ndi mbaula m'nyumba.
4. Chulani zizindikiro zitatu za cibayo mwa mwana.
5. Kodi mwambo wa Kulamba ucitikira kuti, ndipo liti?