Mtengo ndi Umodzi, Manja Ndiwo Asiyana

Mwa mafunso onse amene anthu amandifunsa akamva kuti ntchito yanga ndi yolawa tiyi, limene silichoka pakamwa pawo ndi lakuti, kodi tiyi wobiriwira wa ku China ndi ku Japan amachokera ku mtengo wanji. Ndipo popeza akulu adati safunsa adadya phula, ndiyankha mosabisa kanthu. Mtengowo ndi umodzi, Camellia sinensis, womwewo umene wakuta zitunda za ku Thyolo ndi ku Mulanje, ngakhale wochuluka wa kwathu kuno uli wa masamba okulirapo. Chosiyanitsa ndicho chimene manja a munthu amachita tsamba likangothyoledwa.

Tsamba likafota ndi kutikitidwa, madzi ake amakumana ndi mpweya nayamba kuda, monga ichitira mbatata yosenda ikasiyidwa pamtetete. Tikalileka kuti lide lonse, tapeza tiyi wakuda amene timamwa ndi mkaka; tikalidukiza lili pakati, tapeza oolong, amene kwawo kwenikweni ndi ku Fujian, ku China; koma tikalitenthetsa msanga lisanayambe n'komwe kuda, limakhala lobiriwira. Apa ndipo pamene mitundu iwiriyi idapatukana njira: a ku China amakonda kukazinga masamba m'chiwaya, monga achitira ndi Longjing wa ku Hangzhou, amene amamukanikiza ndi chikhatho kufikira ataphwatalala, pamene a ku Japan amawapitiriza mu nthunzi kanthawi kochepa, n'chifukwa chake tiyi wawo wa sencha amasunga fungo la msipu wauwisi.

Kamwedwe nako kali ndi mbiri yake. Cha m'ma 760, mu ufumu wa Tang ku China, Lu Yu adalemba buku lotchedwa Chajing, nalongosola za madzi, ziwiya ndi moto, masiku amene tiyi ankaumbidwa m'zibuma ndi kuphikidwa ndi kamchere. Mu ufumu wa Song anthu ankamupera kukhala ufa, namutakasa m'mbale kufikira atachita thovu. Ndipo mwambo umenewu ndiwo umene Eisai, mmonke wa Chibuda, adautengera kwawo ku Japan mu 1191. Tsono mu 1391 mfumu Hongwu ya ku China idalamula kuti msonkho wa tiyi uzibwera wa masamba, osatinso wa zibuma, ndipo pang'onopang'ono ufa uja udaiwalika ku China, koma udakhalabe ku Japan. Matcha amene dziko likumutamanda lero ndiye mwana wa mwambowo: tchire lake amaliphimba ndi mthunzi masabata angapo asanathyole, kuti tsamba lichepe kuwawa, nalipera pa mphero ya mwala; ndipo womwa amameza tsamba lenilenilo, osati madzi ake okha.

Munthu amene adakhazika mwambo wa tiyi wa ku Japan pa maziko ake ndi Sen no Rikyu, amene adamwalira mu 1591. Iye adakonda kanyumba kakang'ono, mbale zadothi zosanyezimira, ndi khomo lalifupi kotero kuti ngakhale msilikali womveka ankasiya lupanga lake panja nalowa chokwawa, pakuti m'menemo wamkulu ndi wamng'ono ayesedwa amodzi. Ambiri amaganiza kuti mwambowu uli ndi zinsinsi zozama. Koma ine ndinena kuti mtima wake tikuudziwa kale, ife amene timati mlendo ndi mame: mwininyumba amatsuka chiwiya chilichonse mlendo akupenya, chifukwa kukumana kumeneko sikudzabwerezedwanso chimodzimodzi.

Wofuna kulawa yekha asunge mawu awa. Tiyi wobiriwira safuna madzi obwadamuka, koma ozirala kufika pa madigiri 70 kapena 80, ndipo mphindi imodzi kapena ziwiri zikwana. Ochuluka amene amati tiyiyu ndi wowawa adamupsereza okha. Oolong ndi tiyi wa ku Yunnan wotchedwa pu'er amalola madzi otentha kwambiri, ndipo a ku China amathira masamba ambiri m'katipoti kakang'ono, nawaviika kanthawi kochepa, kasanu kapena koposa, kapu iliyonse ndi kukoma kwake. Musataye masamba mutangomwa kapu yoyamba, ndipo musafulumire kuthira shuga musanalawe. Pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo lilime limene laphunzira kudikira lidzazindikiranso ulemerero wa tiyi wa m'minda yathu.