Ng'ombe ya Mkaka Yoyenera Khola Laling'ono

Banja likasunga ndalama zaka zingapo kuti ligule ng'ombe ya mkaka, maso a onse amathamangira kwa Friesian, ng'ombe yaikulu ija ya mawanga akuda ndi oyera, pakuti mbiri ya mkaka wake inamveka ponseponse. Ife tikupempha makolo pamodzi ndi ana awo kuti ayambe akhala pansi asanapereke ndalamazo, makamaka iwo amene anasankha kulima mwachilengedwe, ndiko kunena kudyetsa ziweto zimene munda wawo womwe wabereka, kuthira manyowa m'malo mwa feteleza, ndi kusadalira mankhwala ogula. Kwa mlimi wotere funso loyamba si lakuti ng'ombe idzatulutsa malita angati ayi, koma lakuti munda wake ungathe kudyetsa ng'ombe yotani.

Friesian kwawo ndi ku Holland ndi kumpoto kwa Germany, maiko ozizira a msipu wobiriwira. Yaikazi yokhwima imalemera makilogalamu 600 kapena kupitirira, ndipo ng'ombe imadya udzu wauwisi wokwana ngati limodzi la magawo khumi a kulemera kwake tsiku lililonse. Tsono werengani nokha: makilogalamu 60 a nsenjere ndi madzi oposa malita 60, lero, mawa ndi mkuja, ngakhale mu Okutobala pamene dambo lauma gwa. Nanga adzasenza zonsezi ndani? Kawirikawiri ndi amayi ndi ana asanapite ku sukulu, choncho nkoyenera kuti iwonso alankhulepo posankha. Kutentha kukapitirira madigiri 25 ng'ombeyi imayamba wefuwefu, imadya pang'ono, mkaka nkutsika, ndipo imachedwa kutenga bere.

Ng'ombe yathu yamakolo ya linunda, imene akatswiri amaitcha Malawi Zebu, siiopa dzuwa, imapirira nkhupakupa, ndipo chilimwe imachidutsa ndi mapesi okha. Koma kumkaka ndi yaumbombo: lita imodzi kapena malita awiri patsiku, ndipo nthawi zambiri siilola kukamidwa mwana wake akapanda kukhala pafupi.

Maiko ena otentha anakumana ndi vuto lomweli, ndipo analithetsa posakaniza mitundu. Ku Jamaica katswiri wina dzina lake T. P. Lecky anagwira ntchito zaka zambiri, ndipo m'chaka cha 1952 kunadziwika mtundu wa Jamaica Hope, umene magazi ake ambiri ndi a Jersey, pang'ono a Sahiwal ndi Friesian. Ku Brazil ali ndi Girolando, magawo asanu mwa asanu ndi atatu a Friesian, atatu otsalawo a Gir, ng'ombe ya linunda yochokera ku India. Anzathu a ku Kenya anaitanitsa Sahiwal, ng'ombe yofiirira ya linunda ya ku Punjab imene imapereka mkaka wambiri kuposa zinzake za linunda, naisunga ku Naivasha. Onsewa, ngakhale anali kutalikutali, sanataye magazi a ng'ombe ya linunda. Kuno kwathunso, pamene alimi ang'onoang'ono ozungulira Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu ankayamba kugulitsa mkaka m'zaka za m'ma 1970, ambiri anayambira pa ana a nkhunzi ya Friesian ndi mayi wa Zebu.

Mwana woyamba wa kusakaniza kotere, theka lachizungu theka lamakolo, ndiye amene ife tikumuona woyenera khola la banja lolima mwachilengedwe. Amatenga mkaka kwa atate, kupirira kwa amayi. Koma apa pali msampha umene wakola alimi ambiri osazindikira. Ng'ombe ya theka ikakweredwa ndi Friesian, mwana wake amakhala ndi magawo atatu mwa anayi achizungu. Mwanayo akapatsidwanso Friesian, mdzukulu amakhala ndi asanu ndi awiri mwa asanu ndi atatu. Pakutha pa mibadwo itatu, m'khola muja muli ng'ombe yachizungu ndithu, yolira chakudya cha m'matumba ndi dotolo, pamene munda ukadali womwe uja. Chifukwa chake lembani m'kabuku mtundu wa nkhunzi imene yabereka mwana aliyense, ndipo ntchito imeneyi apatseni achinyamata a pasukulu. Alangizi a ziweto akabwera ndi mbewu ya nkhunzi, afunseni ndi ya mtundu wanji musanavomere.

Kunena za magazi achizungu, ife mtima wathu uli pa Jersey, ng'ombe yofiirira ya ku kachilumba ka Jersey pafupi ndi France. Imalemera ngati makilogalamu 400, kotero imadya zochepa, imapirira kutentha kuposa Friesian, imabereka mosavuta, ndipo mkaka wake uli ndi mafuta pafupifupi magawo asanu pa 100 alionse. Tivomereze kuti kumene amagula mkaka poyeza malita okha, mafutawo salipiridwa. Komabe ng'ombe imene yakhuta imabereka chaka ndi chaka, pamene yaikulu yanjala imatha kudumphitsa.

Mdani wamkulu ndi chigodola, nthenda yofalitsidwa ndi nkhupakupa zofiirira zokonda kuluma m'makutu. Ng'ombe yachizungu ikadwala imatha kufa pasanathe milungu itatu kapena inayi, pamene yamakolo yokulira kumene nthendayi ili nthawi zambiri imapulumuka. Kulima mwachilengedwe sikuletsa katemera, ndiponso sikulola kuti chiweto chodwala chisiyidwe osachipatsa mankhwala. Katemera wa chigodola anapezeka ku Muguga m'dziko la Kenya m'zaka za m'ma 1970, ndipo m'chaka cha 2014 anayamba kumupanga ku Lilongwe. Amabayidwa kamodzi ng'ombe ikadali yaing'ono.

Malonso amalamula. Kumapiri kozizira monga Thyolo, Mulanje, Dedza ndi Mzuzu, banja lokhala ndi nsenjere zokwanira, masangwi a mtedza, madeya ndi lukina lingathe kufika pa magawo atatu mwa anayi, kungoti lukina asapitirire limodzi la magawo atatu a chakudya chonse. Ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mphepete mwa nyanja, theka ndi lokwanira.

Bzalani msipu nyengo imodzi ya mvula ng'ombe isanafike. Tsiku logula likakwana, musakhulupirire malita a pakamwa. Pitani kukhola la wogulitsayo m'mawa ndi madzulo, muone ng'ombeyo ikukamidwa, mugwire mawere onse anayi ngati mulibe chotupa, ndipo muyang'ane m'chodyeramo kuti mudziwe chimene yakhala ikudya.