Cimanga ndi Mikanda: Phunziro Locokera kwa Anthu a Zuni

Atsogoleri a makalasi okondedwa, ambiri mwa inu mumafuna nkhani yoti ophunzira acikulire aziikonda, yosakhala ya ana. Nayi imodzi, ya zinthu ziwiri zimene nyumba iliyonse kuno ku Chipera imazidziwa: cimanga ca m'nkhokwe ndi mikanda ya amayi. Tiyambe kutali, kenaka tibwerere kwathu.

Anthu a Zuni ndani?

A Zuni ndi mtundu waung'ono wa eni dziko la America, wokhala kumadzulo kwa cigawo ca New Mexico. Iwo eni amadzichula kuti A:shiwi. Kwao n'kouma, mvula ndi yocepa, koma akhala akulima cimanga zaka mazanamazana. Pamene Coronado wa ku Spain anafika pamudzi wao wa Hawikuh m'caka ca 1540, anawapeza ali naco kale.

Anthuwa ndi amisiri a zokometsera thupi. Kalekale ankamata timiyala pa zigoba za nkhono. Kusula siliva anakuphunzira ca m'ma 1872 kwa mmisiri wa mtundu wa Navajo, dzina lake Atsidi Chon. Mmisiri amayamba wasula cikombole ca siliva cokhala ndi timipata. Kenaka amadula mwala wa turquoise, wobiriwira ngati thambo, mwala wakuda, zigoba zoyera ndi coral wofiira wa m'nyanja yamcere. Kacidutswa kalikonse amakanola mpaka kakwane ndendende m'kampata kake, n'kupala pamwamba ponse kuti pasalale. Nthawi zina timiyalato amatindanda ngati maso a cimanga pacitsononkho.

N'cifukwa ciani cimanga? Kwa iwo cimanga si cakudya cabe. Mtundu uliwonse uli ndi mbali yake ya dziko: cacikasu ndi kumpoto, cobiriwira kumadzulo, cofiira kumwera, coyera kum'mawa, camawangamawanga kumwamba, cakuda pansi. Ali ndi nthano ya anamwali a cimanga amene anacoka pamudzi atanyozedwa, njala n'kugwa, mpaka anthu anawafunafuna n'kuwabweza. Popemphera amawaza ufa. Conco mkanda wa Mzuni uli ngati kalata: woudziwa amauwerenga.

Cimanga cinafika bwanji kuno?

Funsani ophunzira kuti, "Kodi makolo athu oyamba ankadya nsima yanji?" Ambiri ayankha kuti ya cimanga. Iyayi. Ankadya ya mapira, mawere ndi mcewere. Cimanga cinayamba kulimidwa kumwera kwa Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, kucokera ku udzu wochedwa teosinte. Ku Africa cinadza ndi zombo caka ca 1500 citapita, ndipo Apwitikizi anathandiza kucifalitsa. Dzina lenilenilo likutiuza: ci-Manga, ndiko kuti ca ku Manga, dzina limene anthu a kugombe ankachulira dziko la Aluya. Makolo anaona kuti mbewuyi yadzera kunyanja yamcere.

Mlendoyu anasanduka mwini mudzi. Ngala za mapira zili poyera, mbalame zimazidya. Cimanga cili m'makoko, ndipo mondokwa amatha njala mapira asanace. Cinalowanso m'miyambo. Ufa woyera ankathira nsembe pakacisi popempha mvula. Munthu akapambana mlandu kapena mayeso, amayi amamuthira ufa kumutu akululutira. Zilombo zina za Gule Wamkulu, monga Kasiyamaliro, amazikuta ndi makoko a cimanga. Ifenso m'mipingo, tsiku la masika timabwera ndi madengu a cimanga kudzathokoza Mulungu.

Nanga mikanda?

Mikanda yagalasi nayonso ndi yobwera, ndipo inafika cimanga cisanafike. Yambiri inkapangidwa ku India, n'kukwera ndi mtsinje wa Zambezi posinthana ndi minyanga, golide ndi mkuwa. M'caka ca 1960, pa Ingombe Ilede m'cigwa ca Zambezi ku Zambia, anafukula manda a anthu oikidwa ndi mikanda yagolide ndi yagalasi, pamodzi ndi mitanda yamkuwa. Apwitikizi atakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'ma 1530, kenakanso ku Zumbo, nsalu ndi mikanda zinali ngati ndalama. Dziko lathu lino linali pansi pa Undi, amene likulu lake linali ku Mano, ndipo dzina loti Marávia linacokera ku Maravi. Anzathu Ashona a kutsidya kwa Zambezi mikanda amaicha chuma. Afunseni ophunzira kuti liwu lomweli kwa ife likutanthauza ciani, aone okha m'mene mikanda inaliri yamtengo.

Ifenso mikanda yathu imalankhula. Mayi amamanga kamkanda m'ciuno mwa khanda, ndipo kakayamba kuthina amadziwa kuti mwana akukula. Anamkungwi amaphunzitsa namwali tanthauzo la mkanda wofiira, woyera ndi wakuda m'banja. Zimenezi ndi za kuseri. Musazifunse amuna ndi akazi ali pamodzi, muzisiyire amayi okhaokha.

Cimene cili pangozi

Nkhondo imene inatha mu Okutobala 1992 inabalalitsa anthu a cigawo ca Tete, ena ku Malawi, ena ku Zambia monga ku Ukwimi. Wothawa sasenza nkhokwe. Mbewu zambiri zinatsala m'mbuyo, ndipo cilala ca 1992 cinawonjezera bvuto. Cimanga ca makolo ndi colimba: cimakonoka bwino mumtondo, mphale imatuluka yambiri, anankafumbwe sacilowa msanga. Ca haibulidi cimabereka kwambiri cikapeza feteleza, koma mbewu yake imafunika kugula caka ndi caka. Zonse ziwiri zili ndi nchito. Koma mbewu ya makolo ikatha pamudzi, simungaipeze m'sitolo, ndipo agogo oidziwa maina akamwalira, mainawo amapita nao.

Zocita m'kalasi

1. Aliyense abweretse citsononkho ca cimanga ca makolo. Lembani pabolodi dzina lake, mtundu wake, ndi kumene mbewuyo inacokera.

2. Gawani mau: ci-ma-nga, mi-ka-nda, mpha-le, ga-ga, nkho-kwe, li-ce-ro. Muli zilembo zobvuta monga ng, nd, mph ndi nkh, koma munthu saiwala msanga liwu la cinthu cimene ali naco m'manja.

3. Awerenge mizere ya pacitsononkho ciliconse. Apeza kuti pafupifupi nthawi zonse ndi nambala yogawika pawiri, monga 8, 10, 12 kapena 14. Masamu ayambire pamenepo.

4. Itanani agogo amodzi afotokoze ndondomeko yocokera kumunda kufika pa ufa woyera: kukolola, kutonola, kukonola, kupeta, kubviika, kusinja, kuyanika. Ophunzira alembe ciganizo cimodzi pa nchito iliyonse.

Zolembazo musataye. Zisungeni m'kope limodzi la kalasi, lolembedwa tsiku ndi dzina la mudzi, ndipo mukakumana ndi atsogoleri a midzi ina muyerekeze maina amene mwapeza.