Mphatso ya ku Joni Ija Inatsala Pang'ono Kutiotchera Nyumba

Ife amene tinakulira m'mbali mwa nyanja sitinkaganiza kuti kuumitsa zovala ndi nkhani yoti munthu n'kukhalira pansi kuilemba. Ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota, mayi akachapa m'mawa, pofika nthawi ya nkhomaliro zovala zimakhala zitauma gwa. Koma ntchito itatibweretsa kuno ku Neno, boma lomwe linapatulidwa ku Mwanza m'chaka cha 2003, tinaona zina. Kumunsi, cha ku Zalewa ndi ku Lisungwi, kumatentha ngati kwathu. Koma kumapiri kuno, mvumbi ukagwa mu Januwale kapena Febuluwale, pamatha masiku angapo dzuwa osaoneka. Matewera a mwana, yunifomu ya kusukulu ndi mkanjo wa tsiku Lachisanu zimangokhala pachingwe mpaka kuyamba fungo la chinyezi.

Mchimwene wathu amene amagwira ntchito ku Johannesburg atamva dandaulo limeneli, anatibweretsera makina oumitsira zovala, amene kumeneko amawatchula kuti tumble dryer. Tikudziwa kuti si ife tokha. Mabanja ambiri a kunyanja ali ndi abale ku Joni amene amatumiza katundu wotere, ndipo ana athu ena amawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku m'nyumba za mabwana awo. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ife tinalandira mphatso, koma malangizo ake sitinafunse.

Tsiku limene tinamva fungo

Miyezi iwiri yoyamba zonse zinayenda bwino. Kenaka zovala zinayamba kuchedwa kuuma. Zomwe zinkauma pa ola limodzi zinayamba kufuna maola awiri, ndipo mayunitsi m'mita ankatha ngati mchere wogwera m'madzi. Madzulo ena, mayi a kunyumba anamva fungo ngati la nsanza yopserera. Atakhudza pamwamba pa makinawo, dzanja silinakhalepo. Anazimitsa pa soketi msangamsanga, ndipo m'mawa mwake tinaitana mmisiri wa zamagetsi.

Iye anawakoka kuwachotsa kukhoma, n'kusolola paipi ya kumbuyo. Munatuluka chimtolo cha ubweya wa nsalu chodzaza manja awiri, china chitadera kale ndi kutentha. Anatiyang'ana n'kunena kuti, "Amwalimu, makina anuwa sanafe ayi, angobanika. Mukanapitiriza sabata ina, tikanakhala tikukamba za moto."

Mawu amenewa ndiwo phata la nkhani yathu. Anthu ambiri amaganiza kuti chimene chimaumitsa zovala ndi kutentha kokha. Si choncho. M'kati mwa makinawa muli waya wotenthetsa mpweya, chokupizira chimene chimakankha mpweyawo, ndi mgolo umene umazungulira n'kumatembenuza zovala. Mpweya wotentha umatola chinyezi m'nsalu, ndipo uyenera kutuluka nacho kunja. Njira yotulukira ikatsekeka, chinyezi chimatsalira m'zovala, kutentha kumaunjikana, ndipo ubweya wouma uja umayaka mosavuta ngati thonje.

Ngoziyi si yongoopseza. Mu Ogasiti 2016, mumzinda wa London, makina otere anayambitsa moto m'nyumba yosanja ya ku Shepherd's Bush, ndipo mabanja ambiri anasowa pokhala. M'chaka cha 2019, boma la Britain linalamula kampani ya Whirlpool kuti iitanitse makina ake ambirimbiri amene anali ndi vuto loti ubweya unkafika pa waya wotenthetsa. Ngati zinachitika kumene ozimitsa moto amafika m'mphindi zochepa, nanga kuno kwathu?

Chisamaliro cha tsiku ndi tsiku

Choyamba ndi sefa. Imakhala pachitseko kapena m'munsi mwa khomo la mgolo. Ichotseni ndi kuipukuta nthawi iliyonse mukamaliza kuumitsa, osati pa sabata kamodzi. Pakatha mwezi, itsukeni ndi madzi ofunda ndi sopo, chifukwa timabowo take timamatika ndi zotsalira za sopo zimene maso saona. Mukathira madzi pa sefa ndipo madziwo n'kumangokhala osadutsa, dziwani kuti mpweyanso sukudutsa. Iume kaye musanaibwezere, ndipo yong'ambika musaigwiritse ntchito.

Chachiwiri ndi paipi. Ikhale yaifupi, yosapindika, ndipo itulukire kunja kudzera pazenera kapena pabowo la khoma. Makina asakanikizidwe kukhoma monga tinachitira ife. Pa miyezi itatu iliyonse muisolole ndi kuikutumula. Kuno kwathu paipi imene yakhala chilimwe chonse osagwira ntchito imasanduka nyumba ya makoswe ndi mavu, choncho muiyang'ane mvula isanayambe. Pali makina ena opanda paipi, amene amasonkhanitsa madzi m'kathanki. Amenewo kathankiko kakhuthulidwe nthawi zonse, chifukwa kakadzaza makina amaima okha.

Chachitatu ndi zovala zimene. Kumene makinawa anachokera, zovala zimakhala zitafinyidwa kale ndi makina ochapira. Ife ambiri timachapa pamanja, ndipo dzanja silifinya madzi okwanira. Chovala chodontha madzi chisalowe mumgolo. Chiyanikeni kaye pakhonde mpaka chisiye kudontha. Mukutumule mchenga, makamaka inu ochapira kunyanja, chifukwa mchenga umadya zitsulo zozungulira. Mupisenso m'matumba kuchotsa ndalama zachitsulo, misomali ndi machesi. Musadzaze mgolo mpaka kukamwa, zovala zipeze malo ogudubuzika.

Pali zinthu zina zosayenera kulowamo n'komwe. Zovala zimene zakhudzidwa ndi petulo, palafini kapena mafuta a injini ya boti, ndiponso nsalu zonona ndi mafuta okazingira mandasi kapena nsomba, ziyanikidwe panja, chifukwa mafuta satheratu ngakhale mutachapa ndipo akatenthedwa amatha kuyaka. Zinthu za pulasitiki, za mphira ndi za siponji nazonso ayi. Neti ya udzudzu iume pamthunzi monga amalangizira a zaumoyo. Tikumbukirenso kuti makinawa amaumitsa chabe, sayeretsa. Chovala chimene chagwera najisi, monga mkodzo wa mwana, chitsukidwe ndi madzi bwinobwino chisanaumitsidwe.

Nkhani ya magetsi

Makina ambiri oterewa amakoka mawati pakati pa 2,000 ndi 3,000. Makina a mawati 2,500 akayenda ola limodzi amadya mayunitsi pafupifupi awiri ndi theka, mphamvu yokwanira kuyatsa mababu 250 a mawati 10 kwa ola lomwelo. N'chifukwa chake ayenera kukhala ndi soketi yawoyawo ya pakhoma, yokhala ndi waya wopita pansi, ndi pulagi ya mano atatu ya fyuzi ya 13. Ekisitenshoni yogula pamsika imasungunuka. Pulagi ya ku South Africa, ya mano obulungira, isakakamizidwe kulowa m'soketi zathu, koma mmisiri aisinthe. Sola ya panyumba ndi kajenereta kakang'ono sizingawakwanitse.

Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, ndipo siteshoni ya Nkula, imene inayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1966, ili konkuno ku Neno. Komabe nyengo ya mvula, imene makinawa amafunika kwambiri, ndiyonso imene zinyalala ndi madzi osefukira zimasokoneza magetsi. Tonse tikukumbukira mmene namondwe wa Ana anawonongera siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022. Magetsi akathima makina ali pakati pa ntchito, zimitsani pa soketi, tsegulani chitseko, tulutsani zovala ndi kuziyala. Mulu wa zovala zotentha wosiyidwa mumgolo umasunga kutentha. Pa chifukwa chomwechi, musawasiye akuyenda pamene mukupita kukagona, kumsika kapena kumzikiti.

Akavuta, yambani ndi zapafupi

Makina akakana kuyaka, onani kaye ngati mayunitsi alipo ndiponso ngati swichi ya pabokosi la magetsi sinagwe. Yesani soketiyo ndi chinthu china. Kenaka onani fyuzi ya m'pulagi ndi chitseko, pakuti makinawa sayenda chitseko chikapanda kutsekeka bwino. Fyuzi ikapsa, ikani ina yofanana nayo. Osamangirapo waya kapena pepala la siliva.

Mgolo ukamazungulira koma osatentha, kumbukirani kuti mphindi zomalizira makina amapemerera mpweya wozizira mwadala, ndipo limenelo si vuto. Koma ngati satentha kuyambira pachiyambi, kawirikawiri ndiye kuti kachipangizo koteteza kutentha kadula moto chifukwa mpweya unatsekeka. Yeretsani sefa ndi paipi. Makina ena ali ndi kabatani kumbuyo kobwezeretsera moto akazizira. Zikakanika, mwina waya wotenthetsa wapsa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

Injini ikamalira koma mgolo osazungulira, chotsani pulagi ndipo muzunguze mgolowo ndi dzanja. Ukamapepuka kwambiri, lamba waduka. Phokoso la gobedegobede nthawi zambiri ndi ndalama kapena batani, koma kulira kwa chitsulo chokhulana ndi chinzake kumasonyeza kuti pogonera mgolo padyeka. Mukamva fungo la kupserera, kapena makina akakugwirani ndi magetsi ngakhale pang'ono, asayatsidwenso mpaka wodziwa atawaona. Safunsa anadya phula. Ndiponso chitseko chizikhala chotseka, chifukwa mwana wamng'ono amaona mgolo uja ngati malo abwino obisalamo.

Dzuwa ndi nsimbi zidakalipo

Titaphunzira zonsezi, tinagwirizana m'banja mwathu kuti makinawa ndi a masiku a mvumbi okha, ndipo timayamba ndi matewera ndi zovala za kusukulu. Dzuwa likawala timabwerera kuchingwe, chifukwa dzuwa silifuna mayunitsi.

Kwa inu amene mulibe makinawa, musadandaule, koma samalani chinthu chimodzi. Nyengo ya mvula ndi ya ntchentche ija yobweretsa mphutsi za pakhungu. Imaikira mazira pamchenga woipitsidwa ndi mkodzo ndiponso pa zovala zachinyezi zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi. Mazirawo akaswa, timphutsi timalowa m'khungu n'kutupitsa ngati chithupsa, ndipo ana ndiwo amavutika kwambiri. Choncho chizolowezi choyanika pamchenga kapena paudzu tichisiye. Yanikani pachingwe, padzuwa, ndipo musite mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko. Nsimbi ya makala imagwira ntchito imeneyi mosaperewera.

Mchimwene wathu uja ataimba foni kufunsa za mphatso yake, tinamuuza zonse osabisa. Anaseka, n'kuvomera kuti nayenso sefa anaidziwa atakalipiridwa kuntchito. Tsopano mwana wathu wamkulu ndiye ali ndi udindo wopukuta sefa, ndipo ubweya umene amachotsamo amakatayira kudzala, kutali ndi mbaula. Inu amene muli ndi makinawa, musadikire fungo monga tinachitira ife. Lero lomwe akokeni kuwachotsa kukhoma, muone chimene chili m'paipimo.